Mwana amene ndikulera wandiuza za amwalimu ake a ku madrasa. Ndiyambire kupolisi kapena ku komiti ya mzikiti?

Membala wobisa dzina

Assalam alaikum abale ndi alongo, moninso kwa nonse amene si Asilamu. A admin, chonde dzina langa lisaoneke.

Ndimakhala mu komboni ina muno mu Lusaka, ndimagulitsa salaula. Ndikulera mwana wamkazi wa malemu mkulu wanga, ali ndi zaka 12, ali giredi 6. Chiyambire ali wamng'ono amapita ku madrasa masana akaweruka kusukulu, ndipo Qur'an amaikonda, juzu Amma, gawo lomaliza la Qur'an, anamaliza anzake akadali pakati. Ramadani itangotha mwanayu anasintha. Nthawi ya madrasa ikakwana, mutu wayamba, m'mimba mwayamba. Wayambanso kukodza pogona, chinthu chimene anasiya kalekale.

Lachisanu lapitali tikuchapa ndi pamene anandiuza. Amwalimu awo, bambo wapabanja amene nthawi zina amatsogolera swala a Shehe akachokapo, amamuuza kuti atsale anzake akamapita, ati amukonze kawerengedwe. Akatsala awiri amatseka chitseko, amamugwira mosayenera, namuuza mawu amene munthu wamkulu sangauze mwana. Zambiri sindilemba pano. Akatero amamupatsa K20, n'kumuuza kuti mwana woulula za mphunzitsi wake wa Qur'an baraka (madalitso) imamuthawa, zonse zimene analoweza adzaziiwala. Akuti pali mnzake wina amenenso amauzidwa kutsala masiku ena.

Ku madrasa ndamuletsa kale. Pavuta ndi pakhomo. Bambo akunyumba mwanayo amukhulupirira ndipo akwiya kwambiri, koma akuti nkhaniyi ipite ku komiti ya mzikiti kuti amwalimuwo achotsedwe mwakachetechete. Akuti ikafika kupolisi mawa imveka pa wailesi, ndipo anthu azinyoza Asilamu tonse. Apongozi anga aakazi akuti popanda mboni zinayi ndiye kuti ndikunamizira munthu wa Mulungu, ndi miseche, komanso mwanayo akadziwika sadzakwatiwa. Pamwamba pa izi, eni nyumba imene tikuchita lendi ali mu komiti yomweyo, ndipo mabuku ndi yunifomu ya mwanayu timalandira ku madrasa komweko.

Ndithandizeni. Ndikapita kupolisi ndalakwira chipembedzo changa? Kodi apolisi angamve mawu a mwana yekha popanda wina amene anaona? Ndipo ndingamuteteze bwanji kuti asakhale nkhani ya pa mpopi?

Namwino wa ana

Amayi, choyamba pepani, ndipo mwachita bwino kumukhulupirira. Nkhani ya komiti ndi polisi ena akuyankhani, ine ndikambe za thupi la mwana. Ana kawirikawiri saulula zonse tsiku loyamba. Amayamba ndi chochepa kuti aone ngati mukalipa kapena mulira, zina zimatuluka pambuyo. Ndiye musadikire, mupite naye ku One Stop Centre. Ku chipatala chachikulu cha UTH iliko, ndipo m'zipatala zina za boma muno mu Lusaka ziliko. Kumeneko adokotala, aphungu ndi apolisi amagwirira pamodzi, mwana sayendetsedwa maofesi ambiri akubwereza nkhani yomweyo. Ngati chinachitika choposa chimene wanena, mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Ngakhale maolawo atadutsa mupitebe, pali zina zoyeza, ndiponso uphungu akuufuna. Kukodza pogonako ndi mantha, musamukalipire.

Kunyumba musamufunsefunse, ndipo apongozi asamuike pakati pa anthu kuti afotokoze. Lembani m'kope zimene anakuuzani, m'mawu ake enieni, ndi tsiku lake. Mumuuze momveka kuti iye sanalakwe. Usiku uno mutha kuimba 116, ndi nambala ya Childline, yaulere, amayankha usana ndi usiku.

Mnyamata wa pa Soweto Market

Imwe amai tiuzeni chabe komboni na mzikiti. Ikani chithunzi chake pano. Manje manje tizamupeza, sazagwiranso mwana wa munthu.

Admin

Aliyense woika dzina, chithunzi kapena malo, ndemanga ndichotsa ndipo iye atuluka m'gulu. Mukatchula mzikiti mwatchula mwanayo, chifukwa mu komboni aliyense akudziwa mwana amene wasiya madrasa. Mukakamenya munthuyo, wolowa m'selo ndinu, iye n'kukhala wodandaula.

Bambo wa ku Chelstone

Koma anthu awa ndi mmene alili, amabisirana. Chotsani mwanayo mupite naye kutchalitchi basi.

Mayi wa chigwirizano

Abambo a ku Chelstone, ine ndine Mkhristu ndipo ndikukutsutsani. Kumpingo kwathu wophunzitsa kwaya anachita zomwezi kwa atsikana, akulu a mpingo anangomuimitsa Mgonero miyezi ingapo, kenaka anasamukira mpingo wina. Zimachitika paliponse pamene munthu wamkulu wolemekezeka amasiyidwa yekha ndi ana, kusukulu, kutchalitchi, ku tuition, ngakhale m'nyumba mwathu. Mawu ngati anuwa ndi amene akuopsa amuna a mayiyu kuti asapite kupolisi.

Mwalimu wa Qur'an, zaka zambiri pa ntchito

Wa alaikum salaam mlongo wanga. Allah akupatseni mphamvu. Ndiyankha funso lanu loyamba, chifukwa ndikuona kuti apongozi anu akunena zinthu zimene anazimva ndithu, koma akuziika pamalo posayenera.

Mboni zinayi zili mu Surah An-Nur, ndime 4. Ndimeyo ikunena za munthu wonamizira akazi odzisunga kuti achita chiwerewere. Inabwera kudzateteza mbiri ya akazi ku malilime a anthu. Kuitenga ndimeyo n'kutsekera nayo pakamwa kamtsikana kamene kakudandaula kuti kakuchitidwa nkhanza, ndi kuitembenuza chadodolido. Mwana wa zaka 12 amene watsekeredwa chitseko ndi mphunzitsi wake sanachite chiwerewere, waponderezedwa. Ndipo ndani amachita zoterezi pamaso pa anthu anayi?

Za miseche. Inde ndi tchimo lalikulu, Surah Al-Hujurat ndime 12 ikuiyerekeza ndi kudya mnofu wa m'bale wako wakufa. Koma Surah An-Nisa ndime 148 ikupatula munthu amene wachitiridwa zoipa, kuti iye atha kulankhula poyera. Imam An-Nawawi analemba malo asanu ndi limodzi pamene kunena zoipa za munthu kuli kololedwa. Mwa amenewo muli kukadandaula kwa wolamulira amene angathe kukuweruzirani, kupempha thandizo kuti choipa chithe, ndi kuchenjeza anthu kuti asapwetekedwe. Inu muli m'zitatu zonsezi.

Ena akuuzani kuti wobisa cholakwa cha Msilamu mnzake, Allah adzabisa chake. Hadith (mawu a Mtumiki) imeneyo ndi yoona. Koma ma ulama, akatswiri a chipembedzo, anafotokoza kuti ikunena za munthu amene waterereka payekha, osati amene akupweteka ena ndipo akupitiriza. Mtumiki (s.a.w) anatiuzanso kuti tithandize m'bale wathu kaya ndi woponderezedwa kapena wopondereza, ndipo atafunsidwa kuti wopondereza timuthandiza bwanji, anati pomuletsa kuponderezako. Surah An-Nisa ndime 135 ikutilamula kuimira chilungamo ngakhale chitakhudza ife eni, makolo kapena abale.

Chimene chandiwawa koposa ndi bodza la baraka. Mukamuuze mwanayo kuti mwalimu wina wanena kuti ndi bodza. Palibe ndime kapena hadith yoti mwana woulula nkhanza adzaiwala Qur'an. Munthuyo watenga chinthu chimene mwana amachikonda kwambiri n'kumumanga nacho. Juzu imene analoweza ndi yake.

Ndiwonjezere ichi kwa anzanga ophunzitsa. Kukhala awiriwiri mwamuna ndi mkazi amene si mahram wake (wachibale amene sangamukwatire) pamalo otsekeka n'koletsedwa, ndipo lamulo limeneli silipatula Shehe kapena mwalimu. Ngakhale pakanapanda china chilichonse, kutseka chitsekoko ndi kulakwa kale. Ine kwanga kalasi ya atsikana imaphunzitsidwa ndi mayi, ndipo ndikalowamo chitseko chimakhala chotsekula. Mwana wofuna kukonzedwa kawerengedwe amakonzedwa anzake ali pomwepo. Pitani kupolisi, mlongo, simunachimwe.

Mkulu wa komiti ya mzikiti wina

Amwalimu mwalankhula bwino, koma tisathamange. Ine ndakhala mu komiti nthawi yaitali, ndaonapo munthu akunamiziridwa chifukwa magulu awiri akulimbirana utsogoleri wa mzikiti. Munthu akangolowa m'galimoto ya polisi mbiri yake yatha, ngakhale khoti lidzamumasule. Bwanji akuluakulu ayambe amuitana, amve mbali yake, afunsenso mwanayo? Zikaoneka zoona, apite nazo okha kupolisi. Ife Asilamu ndife ochepa m'dziko muno, nkhani imodzi imatidetsa tonse.

Wothandiza anthu pa za malamulo

Akulu, ndi ulemu wonse, njira imeneyo ndi imene imapha milandu yambiri yotere. Komiti ikangomuitana, munthuyo wadziwa. Ali ndi nthawi yofufuta za mu foni, yolankhula ndi makolo a mwana winayo, kapena yokwera basi ya ku Chipata usiku womwewo. Ndipo kamtsikana ka zaka 12 kuimitsidwa pamaso pa madoda asanu, ena mwa iwo anzake a munthu amene akumunenayo, kangonena kuti ndinanama kuti kachoke pamenepo. Mantha anu a kunamizira ndi omveka, koma ntchito yosiyanitsa zoona ndi zabodza ndi ya ofufuza ndi khoti. Ngati munthuyo ndi wosalakwa, chimene chingamuyeretse ndi kufufuza komweko, osati mphekesera zimene zidzatsale komiti ikatseka nkhani.

Amayi ofunsa, nazi za malamulo. Mu Penal Code, gawo 137 likunena za kugwira munthu mosayenera. Wopezeka wolakwa amalandira zaka zosachepera 15, mpaka 20, ndipo lamulo likunena kuti kuvomera kwa mwana si chodzitetezera. Gawo 137A likunena za kuvutitsa mwana ndi zachiwerewere pamalo ophunzirira kapena pena paliponse, zaka 3 mpaka 15. Gawo 138 ndi la kugona ndi mwana wosakwana zaka 16, zaka zosachepera 15, mpaka moyo wonse. Ndalemba zonsezi kuti muone kuti zimene mwana wanena kale ndi mlandu waukulu paokha, simufunika kudikira kuti zifike poipitsitsa.

Kupolisi musafotokozere pa kauntala anthu onse akumva. Munene kuti mukufuna a Victim Support Unit, ndi amene amaona nkhani za amayi ndi ana. Akupatsani fomu yoti adokotala alembepo. Mboni yoona ndi maso siifunika kuti atsekule doketi. Zoona kuti kukhoti mawu a mwana amalimba akakhala ndi umboni wina wothandizira, koma umboniwo utha kukhala ana amene amaona kuti iye amauzidwa kutsala, ndalama zimene amabwera nazo, lipoti la adokotala, ndi inu amene anayamba kukuuzani. Kufunafuna zimenezo ndi ntchito ya apolisi, inu musayambe kuyenda khomo ndi khomo.

Chenjezo limodzi. Pakabwera anthu ndi envulopu kuti tikambirane zithere pano, musalandire. Kulandira ndalama kuti mubise mlandu waukulu ndi mlandunso pawokha. Za dzina la mwana, Children's Code Act ya 2022 imateteza mwana amene ali pa nkhani ya kukhoti kuti asaululidwe, ndipo Lusaka ili ndi khoti lofulumizitsa milandu ya nkhanza zotere kuyambira 2016. Mukafuna loya koma ndalama palibe, pitani ku National Legal Aid Clinic for Women. A YWCA nawonso amathandiza uphungu ndi malo obisalako zikafika povuta.

Mkulu wa komiti ya mzikiti wina

Ndamva. Komabe komiti isamve nkhaniyi kwa apolisi ngati alendo. Ana ena akupitabe kumeneko mawa.

Wothandiza anthu pa za malamulo

Apo tikugwirizana. Ayambe kupolisi, ndipo afunse wofufuzayo kuti komiti iuzidwe liti ndiponso ndi ndani, kuti munthuyo aimitsidwe kuphunzitsa. Komiti ili ndi ntchito yake, kungoti si yoweruza.

Mlongo wanu mu Chisilamu

Ndalemba ndi kufufuta kangapo. Ine zinandichitikira ndili ndi zaka 11, osati muno mu Lusaka. Ndinauza mayi anga, iwo anauza bambo, bambo anauza akuluakulu. Anakhala pansi itatha swala ya Isha, munthuyo analira, anapempha chikhululuko, anawerenga dua, ndipo patapita sabata anamupezera malo kumzikiti wina kutali. Anamuperekeza ndi mphatso. Ine ndi amene ndinasanduka wovuta. Amayi ena ankaletsa ana awo kusewera nane, ati ndine wotentha m'maso, ndili ndi zaka 11. Ndili wamkulu ndinakumana ndi mayi wina wa kudera limene anamutumizako, ndipo nkhani yake inali yofanana ndi yanga, mawu omwewo a baraka.

Ndiye amene mukuti achotsedwe mwakachetechete, dziwani kuti mukungosamutsa fisi kumuika m'khola lina. Chipembedzo sindinasiye, hijabu ndimavala, ana anga amapita ku madrasa. Koma ndinakhala zaka zambiri ndisakutha kutsekula Qur'an osanjenjemera. Zoti sadzakwatiwa musazimvere. Ine ndili pabanja, amuna anga akudziwa zonse. Chimene chimandipweteka mpaka lero si zimene anthu ankanena, koma kuti bambo anga anagwirana chanza ndi munthu uja.

Mayi wa ku Kanyama

Mlongo, ndalira. Allah akuchizeni mtima. Ine ana anga ndimawafunsa za ku sukulu tsiku lililonse, koma za ku madrasa ndimangoti mwawerenga pati. Lero ndiwafunsa mwanjira ina.

Dalaivala wa minibasi

Funso kwa amuna anzanga. Tikuti tikuteteza dzina la Chisilamu. Nanga tsiku limene zidzaululike kuti komiti inkadziwa n'kubisa, dzinalo lidzakhala pati? Bambo wa mwanayu akanakhala moyo sakanafunsa komiti.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse, Jazakumullah khair. Ndaimba 116 mwana atagona. Anandimvetsera bwinobwino ndipo anena zofanana ndi zimene anamwino alemba, kuti ndipite naye ku One Stop Centre. Bambo akunyumba ndawawerengera zimene amwalimu ndi mlongo uja alemba. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati mawa atiperekeza, koma akufuna akadziwitse a Shehe aakulu tikangochoka kupolisi, chifukwa ndi amene anatimangitsa nikah ndipo sakufuna amve kwa ena. Apongozi sakundilankhula. Akuti ndikufuna kuwachotsetsa m'nyumba ya lendi ndi mwana woti si magazi a mwana wawo.

Mwanayo ndamuuza mawu a amwalimu, kuti juzu yake palibe angamulande. Anandifunsa ngati adzapitenso ku madrasa ina. Sindinamuyankhe.

Zatsala ziwiri. Eni nyumba akatithamangitsa titani? Nanga mayi wa mtsikana winayo, ndimuuze? Timagulitsa moyandikana pamsika, koma ndi munthu wosasunga nkhani, ndipo amuna ake ndi anzake apamtima a amwalimuwo.

Amake mapasa, Matero

Za nyumba musaope kwambiri. Eni nyumba sangakutayireni katundu panja tsiku limodzi, ayenera kupereka notisi. Lipirani lendi pa nthawi yake, ndipo muzilipira pa foni kuti umboni uzitsala. Akayamba kukuopsezani chifukwa cha mlanduwu, kauzeni wapolisi amene akufufuza, kuopseza mboni ndi mlandu. Komanso kunena zoona, mwina kusamuka kungamuchitire bwino mwanayo, asamakumane ndi anthu omwewo pa mpopi. Sukulu za boma ndi zaulere kuyambira 2022, chotsala ndi yunifomu ndi makope. Zimenezo amayi a m'gulu lino tingasonkhe kudzera kwa a admin, ndi inu wa salaula simungasowe siketi.

Ustadha wa kalasi ya amayi

Za madrasa ina musamukakamize ndipo musamuletse. Pakali pano aziwerenga nanu kunyumba ikatha swala ya Maghrib ngati iye wafuna. Akadzafuna kubwerera, mupezereni kumene akuphunzitsa mayi, ndipo mukaone nokha. Funsani kuti ana amaweruka nthawi yanji, ngati pali amene amatsala, ndiponso ngati kholo lingalowe nthawi iliyonse osagogoda. Kumene angakwiye ndi mafunso amenewa musasiyeko mwana. Ife amayi tinazolowera kuti za mzikiti ndi za amuna, komiti yonse amuna okhaokha, ndiye mtsikana akafuna kudandaula apite kwa yani? Kwathu tinapempha kuti amayi awiri azikhala pa nkhani zonse za madrasa. Poyamba anakana, pano anazolowera.

Apongozi asiyeni kaye. Mwina ndi mantha a nyumba amene akuwalankhulitsa. Koma mwanayo asamve mawu akuti si magazi athu, ndi wamasiye, ndipo inu mukudziwa zimene Qur'an ikunena za kukalipira wamasiye.

Namwino wa ana

Za mayi winayo, musamuuze nokha, makamaka poti amuna ake ndi anzake a munthuyo. Mawa mukauze a Victim Support Unit ndi a Social Welfare kuti mwana wanu watchula mnzake, muwapatse dzina, muwauzenso za ubwenzi wa bambo akewo. Iwo ali ndi njira yolankhulira ndi mwana popanda kumuopsa, ndipo ndi amene angasankhe kholo loyamba kuliuza. Muwakumbutse kuti mtsikanayo akupitabe ku madrasa masana aliwonse, kuti asachedwe. A Shehe aakuluwo bambo akunyumba awauze pokhapokha wofufuza atavomera.

Nyamulani chitupa chanu cha NRC, kadi ya ku sikelo kapena setifiketi yobadwira ya mwanayo yosonyeza zaka zake, ndi kope lija mwalembamo. Pitani m'mawa mzere usanatalike, ndipo mumutengere chakudya, mutha kukhalako mpaka masana.